Kamera Yakana Kujambula Thoko

Lolemba

Kamera yafika. Abwera nayo a Mbewe, aja amanyamula katundu wa anthu kuchoka ku Joni, pamodzi ndi bulangete, sopo wonunkhira ndi kadiresi kofiira ka Thoko. Kadiresiko kakumufika m'mapazi. Nanga abambo ake msinkhu wa mwana wawo angaudziwire kuti? Anachoka ine ndili ndi pakati, chaka chija fodya anatigwetsa ku okushoni, ndipo mpaka lero chomwe amadziwa cha Thoko ndi kulira kwake pafoni.

Dongosolo abambo akewo anandiuziratu pafoni. Kamera ndi yanga. M'mimba mwake muli kakhadi kangati sitampa, m'kakhadimo muli zithunzi zawo. Ndizione, ndikazitsukitse ku boma, kenako ndijambule Thoko, kakhadiko ndiwapatsire a Mbewe omwewo kuti bambo aone mwana wake. A Mbewe akubwerera Loweruka masana, ndipo akapita kubweranso ndi pa Khirisimasi. Ntchito yosavuta, ya tsiku limodzi.

Ndadina batani lomwe a Mbewe andisonyeza, kagalasi kakumbuyo kayaka. Abambo a Thoko awo!

Zomwe zilimo:

Ataima pambali pa galimoto ya abwana awo, dzanja pa boneti ngati anagula okha.

Ali ndi ukonde, akuvuula masamba m'dziwe losambiramo azungu. Munthu amene kuno ankaopa kuwoloka Bua.

Atakhala pabedi m'kachipinda kawo, nsapato zatsopano ataziika pampando kuti nazonso zioneke.

China chodzijambula okha atatambasula mkono. Theka la nkhope, khutu limodzi, osaseka. Ichi ndachiyang'ana mpaka ndiwo zapserera.

Pawindo la kachipindako pali chitenje changa cha maluwa achikasu, chija ndakhala ndikufunafuna chichokereni iwo. Kani chinapita ku Joni. Chitenje chili ndi pasipoti, ine ndilibe.

Madzulo ndamusambitsa Thoko, ndamudzoza mafuta mpaka kuwala, kadiresi ndakapinda ndi phini, ndamuimika pampanda pomwe pali maluwa. Waima bwinobwino, chala m'kamwa. Ndadina. Kamera yangolira ngati mwanapiye, pagalasi patuluka mawu ofiira achingerezi ndi kachithunzi ka kiyi. Chingerezi changa cha Fomu 2 chikundiuza kuti khadi ndi lokiya. Ndadinanso. Zomwezo. Ndazimitsa, ndayatsa, ndaimenya pang'ono m'mbali monga timachitira ndi wailesi. Zomwezo.

Kuwafunsa eni ake sindingathe. Foni yawo anawabera m'sitima, ndiye amaimba Lamulungu lokha pa foni yolipira ya pashopu. Koma sabata ndi yaitali. Mwina kamera yatopa ndi ulendo, igone kaye.

Lachiwiri

Kamera yagona, yadzuka, ikukanabe.

Ngati chinthu ndi chokiya, ndiye kuti kiyi wake alipo. Ndadzuka ndi nzeru imeneyi. Momwe ndafufuza:

m'bulangete, ndalikutumula mpaka nkhuku kuthawa;
m'kathumba ka diresi ya Thoko;
m'katoni ya kamera, mpaka kumatula pansi pake;
mu sopo. Ndamudula pakati, poti anthu a ku Joni amabisa zinthu m'malo odabwitsa poopa a pachipata.

Kiyi palibe. Sopo ali pawiri.

Ndatumiza uthenga kwa a Mbewe. Yankho lawo: "Ine ndimangonyamula, mayi. Za m'kati sindidziwa."

Dzuwa lisanakwere apongozi atulukira. Akhala pamphasa, apukuta manja pachitenje, alandira kamera ndi manja awiri ngati mgonero. Ayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. "Waonda," atero. Amake Lute a nyumba yoyandikana nafe asuzumira, akuti wanenepa, taonani masaya. Apongozi akuti amenewo si masaya, ndi kutupa kwa kuzizira. Mkangano wafika pa anthu ena, ndipo pofika masana mudzi wonse wadutsa pakhonde langa, ngakhale aja sankawapatsa moni abambo a Thoko ali konkuno. Aliyense akufuna chithunzi cha galimoto. Cha theka la nkhope akungochidumpha, akuti chinalakwika. Zili bwino, chikhale changa.

Ndawafotokozera apongozi za kukiya kuja. Aweramitsa mutu, kenako agamula: "Amake Thoko, chomwe wakiya mwini nyumba, mkazi satsegula. Kaya ndi sutikesi, kaya ndi nkhokwe. Dikirani mwini wake." Ndati mwini wake akamadzabwera Thoko adzakhala akutunga madzi yekha. Sanasunthe. Ndati komanso abambo a Thoko akufuna chithunzi cha amayi awo. Pomwepo afunsa ngati duku lawo lakutchalitchi ndinalichapa. Lamulo lasintha.

Thoko wawaona abambo ake. Wayang'ana galasi, walinyambita, watembenuza kamera kufuna kuona komwe kwatsala miyendo yawo. Ndamuuza kuti awa ndi ababa. Iye wangoseka n'kundipaka malovu.

Mabatire ochokera ku Joni atha, anthu awamaliza ndi galimoto ya mzungu. Ndatsala ndi galasi lakuda.

Ndawasowa bambo amenewa. Ndinkayesa ndazolowera, kani nkhope yokha ndi imene inayamba kuzilala. Lero ndayiona, zonse zayambiranso poyamba. Mtedza uli phee m'matumba, sindinasendeko n'kamodzi komwe.

Lachitatu

Ndagula mabatire pagolosale. Awa ndi a wailesi, kamera yangowalawa n'kuwalavula. Ndikayatsa ndimaona nkhope pang'ono, kenako mdima. Ndawayanika padenga kuti amwe dzuwa. Apongozi akuti ndiwalumeko m'mbali, mphamvu imabwerera. Ndawaluma. Mphamvu yabwereradi, yokwanira kuona nsapato zili pampando.

Safunsa anadya phula. Ndabereka Thoko, ndapita kusukulu kwa aphunzitsi a Chirwa, aja anabwera chaka chatha kuchokera kumpoto. Iwowa foni yawo ndi yojambula, ndiye ndati za makamera akuzidziwa. Avala magalasi. Awerenga mawu ofiira aja mokweza, mwachingerezi chenicheni, ana a Sitandade 6 ali m'mawindo. Akuti chikufunika nambala yachinsinsi, monga ya kubanki. Andifunsa chaka chomwe abambo a Thoko anabadwa, tsiku la ukwati wathu, tsiku lobadwa Thoko. Ndanena zonse. Titatha kusonkhanitsa manambala taona kuti kamera ilibe polembera manambala.

Atulutsa kakhadi, akaunika padzuwa. M'mbali mwake muli kanthu koyera kangati njere ya mpunga. Ndafunsa kuti nanga aka? "Aka musakhudze, mayi, ndi fyuzi," atero. "Mukakathyola ndiye mwatha." Ndabweza chala changa msanga.

Kenako ayamba kudina mabatani onse motsatana, akuti akufufuza komwe kuli vuto. Adina, adina, mpaka mawu onse a pagalasi asanduka zilembo zangati mapazi a nkhuku pamatope. Akuti ndi Chitchaina kapena Chijapani. Kubweza akulephera chifukwa njira yobwerera nayonso yalembedwa m'chilankhulo chomwecho. Tsopano kamera ikukana m'chinenero china. Kachithunzi ka kiyi kokha ndi komwe ndikukamva.

Pobwerera ndakumana ndi a Jailosi ali pa njinga yawo. Awa ndi amene amajambula mudzi uno chiyambire, maukwati ndi ubatizo, ndi kamera yawo ya filimu yopachika m'khosi. Nkhani anaimva kale. Ayang'ana kamera yanga ngati munthu woona mkazi wachiwiri wa mwamuna wake. "Kamera yopanda filimu ndi galasi lodziyang'anira basi," akutero. Ndameza mawu, ndawapempha kuti amujambule Thoko ndi yawoyo, chithunzi chipite ndi a Mbewe. Avomera ndi mtima wonse. Ndafunsa kuti chituluka liti. Akuti filimu ikadzaza apite nayo ku Lilongwe. Idzaza liti? Anthu akagulitsa mtedza. Ndawathokoza.

Madzulo ano chachitika chinthu. Ndinakhala pakhonde ndikupukuta kamera, Thoko wabwera ndi kuyenda kwake kogwedera, waloza, wati: "Ababa." Momveka bwino. Mawu omwe amatha ndi ochepa, amama, madzi, ayi, ndiye lero awa. Ndayatsa ndi mabatire olumidwa aja. Wawaona, wawomba m'manja, wawapatsa chidutswa cha mbatata pagalasi.

Ndaseka, kenako ndalowa m'nyumba ngati ndayiwala kanthu. Akanamva okha mawu amenewa. Mwana akuwadziwa tsopano, iwo sakumudziwa.

Lachinayi

Ku boma. Kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka pa depoti. Thoko kumbuyo, kamera m'chikwama, chikwama m'kati mwa chitenje, dzanja pamwamba pake njira yonse.

Magetsi kulibe.

Kusitudiyo yotsukira zithunzi ndapeza mwini wake atakhala panja akudya nzimbe. Akuti zithunzi za m'khadi amatsuka bwinobwino, kukiya sikuletsa, koma makina ake amadya magetsi. Abwera liti magetsi? Waloza kumwamba ndi nzimbe. Za kutsegula khadi akuti si ntchito yake, ndipite kuseri kwa msika kwa Dokotala wa Mafoni.

Dokotala ali m'kakontena kopaka utoto wachikasu, mafoni akufa ali mulu pathebulo. Ndamuzindikira, ndi mwana wa pa Kamwendo pompa, koma anakakhalako ku Chipata ndipo lilime lake linatsalira komweko. Wayang'ana kakhadi kanga kamodzi kokha. "Amai, iyi ni nkhani ing'ono chabe. Vonse vokhoma timafulasha. Mafoni ya ku Zambia, ya ku Joni, yonse yamaseguka pano." Ndi zoona, foni ya alamu anga inabwera yokiya kuchoka ku Joni, inakana makhadi a kuno, ndipo anaitsegula ndi iyeyu. Mtima wanga wakhala m'malo. Koma nayenso akudikira magetsi. Akuti ndibwere "mailo", ndiye kuti mawa.

Ndadikirabe, mwina abwera. Ndagula mabatire enieni m'sitolo ya mmwenye, ndakhala pansi pa mtengo pa depoti. Maminibasi a ku Lilongwe akudzaza n'kumapita. Ndikuwerenga nkhope za okwera, ndikuganiza kuti ena mwa awa mawa lake adzakhala ali panjira ya ku Joni, akadutsa mwina mumsewu womwe amadutsa abambo a Thoko, osadziwa n'komwe kuti ali ndi mwayi. Tsiku lomwe ankapita anakwerera pomwe pano. Anakhala pawindo, koma windo lake linali la pulasitiki yomata ndi tepi, sindinawaone bwino ponyamuka.

Ndinalonjeza kuti mabatire atsopanowa ndi a Loweruka, osawakhudza. Ndawakhudza. Ine ndi Thoko tadya chimanga chootcha ndi ababa, iwo atatsamira chikwama.

Magetsi sanabwere. Tabwerera ndi fumbi lokhalokha. Apongozi ndawapeza atasita kale duku.

Lachisanu

Ku boma kachiwiri. Amake Lute akuti anthu ayamba kunena kuti ndapeza ntchito kwa a DC.

Magetsi alipo! Mawailesi akulira m'mashopu onse. Ndathamangira kusitudiyo kuti ndiyambe ndatsukitsa zithunzi za abambo a Thoko. Chitseko chotseka, palembedwa ndi choko kuti apita kumaliro. Woyandikana naye akuti maliro ake ndi a ku Mavwere, kubwera ndi madzulo kapena mawa. Ndaima pakhomopo ndikuganiza. Mawa ndi Loweruka. Magetsi a kuno ndi mlendo, sachedwa kutsanzika. Ndati ndiyambe kwa Dokotala, zotsukitsa ndidzachita mawa m'mawa ndisanapereke khadi.

Kwa Dokotala kuli mzere. Akutumikira anthu onse nthawi imodzi, foni ina pakhutu, ina m'manja, ina pamwendo. Ndamuuza kuti m'khadimo muli zithunzi za bambo a kunyumba. Wagwedeza mutu, koma tsopano ndikuona kuti ankagwedezera wa pafoni.

Walowetsa kakhadi m'kabokosi kolumikiza ku kompyuta. Yakana. Wakatulutsa, wakauzira mpweya, wakapala m'mbali ndi chikhadabo, wakapukuta pamalaya, wakabwezera. "Yavomela." Wadina apa ndi apo, kamzere kobiriwira kayenda pagalasi mpaka kumapeto. "Yasila," ndiye kuti yatha. Waika khadi m'kamera, waloza kwa ine, kuwala kwandithwanimira m'maso. Wanditembenuzira. Ndine ameneyo, kukamwa yasa, duku litapendama. Kamera yajambula! Kachithunzi ka kiyi kachoka. Ndatsala pang'ono kuvina m'kontena. Za mapazi a nkhuku zija akuti ndi ntchito ina, ya tsiku lina. Ndati zikhale, bola ikujambula.

Ndatuluka, ndaima pamthunzi kuti ndiwauze abambo a Thoko kuti zatheka. Ndadina batani loonera. Nkhope yanga. Ndadina kupita kumbuyo. Nkhope yanga. Kutsogolo. Nkhope yanga yomweyo, kukamwa yasa.

Ndabwerera. Ndafunsa kuti zithunzi zinali umu zili kuti. Wandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake madzi ali onyowa. "Amai, kufulasha ni kupyanga vonse. Na foni tikafulasha manambala yamayenda. Aliyense aziba." Kupyanga ndiye kusesa. Wasesa. Galimoto, dziwe, kachipinda, theka la nkhope lija, zonse. Ndafunsa ngati zingabwerere. Akuti mwina ku Lusaka. Anthu a pamzere ayamba kundithandiza kudandaula, wina akuti madzi akatayika saoleka, wina akufunsa ngati ndatha kuti naye athandizidwe.

Sindinakalipe. Ndayenda mpaka kupitirira pa depoti osadziwa, Thoko kumbuyo akukoka chikwama, akuti ababa, ababa.

Ndinali nawo m'manja sabata yonse. M'malo mokhala pansi n'kuwayang'ana, ndakhala ndikuthamanga nawo m'misewu kufuna wowatsegula.

Kunyumba apongozi abwera dzuwa likulowa, akuti awone mwana wawo asanadye. Ndawauza. Ndinakonzeka kumva za sutikesi ndi nkhokwe, ndipo ndikanavomera. Sananene. Angoti: "Ine ndinamubereka, nkhope yake ndili nayo. Nanga uyu?" Akuloza Thoko. Bola akanakalipa.

Loweruka

Lero ndi lero. Zolira mawa. Khadi ndi lotsegula, mabatire alipo, dzuwa latuluka bwino.

Tayamba ndi apongozi. Duku losita, Baibulo kudzanja lamanja, wailesi kudzanja lamanzere kuti mwana wawo aone kuti akuisamala. Aima chilili ngati msilikali, osaphethira. Ndadina. Chithunzi chokongola zedi. Afuna china atakhala pampando. Chokongolanso. Amake Lute abwera atavala kale zakutchalitchi, akuti amangodutsa. Ndawajambula kuti achoke.

Tsopano mwini nkhani. Kusamba, mafuta, kadiresi kofiira, phini, pampanda pa maluwa. Ndabwerera m'mbuyo, ndakweza kamera. Thoko waiona. "Ababa!" Wathamanga manja ali m'mwamba, wagwira lamba, akukoka kuti aone kumbuyo kwake. Ndamuonetsa. Pagalasi pali agogo ake ndi wailesi. Wayang'ana galasi, wayang'ana agogo ake ali pompo pamphasa, watembenuza kamera, waigwedeza. Ndadina kuti asinthe. Amake Lute. Ndadinanso. Ine, kukamwa yasa. Wayamba kulira.

Kuyambira pamenepo ndikangokweza kamera akuthamangira kwa ine akulira. Zomwe tayesa:

nzimbe, waitaya;
apongozi kulira ngati tambala kumbuyo kwanga, tambala weniweni wayankha, Thoko ayi;
kumukhazika pamiyendo ya agogo ake atamugwira, wapindika ngati mlamba;
kubisala kuseri kwa nkhokwe kuti ndimujambule mobera, wandipeza;
kumunamiza kuti ababa agona, wafuna kuwadzutsa.

Zithunzi zomwe zatuluka: chikhatho chake chodzaza galasi lonse. Mphumi. Diresi yofiira yopanda mutu. Zambiri ndi za nkhope yonyowa, kukamwa kuli pululu, timano tonse poyera, manja awiri atatambasukira kwa wojambula. Chimodzi chokha ali phee, atagona pamphasa chifukwa chotopa ndi kulira, fumbi litamatirira m'masaya momwe munadutsa misozi. Walira mvula walira matope. Ndinkafuna kamera yojambula, ndi imeneyi.

Ndinati ndidikire adzuke, mwina ayiwala. Dzuwa silinadikire. Ndamusiyira apongozi, ndakwera kabaza, ndawauza akabaza kuti apalase ngati akuthawa apolisi. Pamsewu ndakwera minibasi ya ku boma, a Mbewe ndawapeza pa depoti minibasi yawo ikulira kale, katundu ali padenga. Kakhadi ndakakulunga m'pepala, pepala m'kampango, ndamanga mfundo. A Mbewe akaika m'thumba la m'kati mwa jekete. "Mwamujambula bwino mwana?" Ndati akaona okha.

Chithunzi changa chija chapita nawo. Kufufuta sindidziwa, ndipo sindikufuna kuphunzira. Abambo a Thoko akaona mkazi wawo patapita nthawi yonseyi ali kukamwa yasa m'kontena ya mafoni.

Situdiyo ndaipeza yotsegula. Mwini wake wandikodola, akuti bweretsani khadi lija, magetsi alipo. Ndangomukwezera dzanja.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita, zomwe alalikira sindinamve. Tikutuluka ndakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, poti mudzi wonse uno netiweki imagwira pamenepo pokha. Foni m'manja, mkono m'mwamba. Thoko ndamusiya ndi agogo ake, mawu ake anasasa ndi kulira kwa dzulo.

Aimba. Kumbuyo kwawo kukumveka magalimoto ndi anthu olankhula zinenero zina. Moni wathamanga, poti foni ya pashopu sidikira munthu. Afunsa ngati katundu anafika, ngati diresi inamukwana. Ndati inamukwana.

Kenako akuti: "Iwe, ndinayiwala kukuuza. Khadi lija ndinakiya ndine, kuti zithunzi zisafufutike panjira. M'mbali mwake muli kanthu koyera, umangokakankha ndi chikhadabo, basi latseguka. Unakaona?"

Ndati ndinakaona.

Akuseka, akuti ankadziwa kuti mkazi wawo ndi wa sukulu. Akufunsa kuti ndatsukitsa ziti, ngati cha galimoto ndachipachika pabalaza. Akuti anavutika kupempha kuti ajambulitse pagalimotopo, ndipo nsapato zija anabwereka. Ndinaganiza zonama kuti netiweki ikuvuta. Koma ndawauza zonse, mwachidule, kuyambira pa sopo mpaka pa Dokotala. Nditatha ndimangomva magalimoto a ku Joni akudutsa m'khutu mwanga.

"Nanga Thoko wajambulika?"

Ndati wajambulika, khadi lili panjira. Koma asadabwe, akulira pafupifupi m'zithunzi zonse, atatambasula manja.

"Amalira chiyani?"

"Amalira inu."

Ndamva akupuma. Ayamba kunena kanthu, liwu loyamba lokha, foni yaduka. Nthawi yawo yatha.

Ndakhalabe pachulupo mkono uli m'mwamba, mwina apempha wa shopu awaonjezere pang'ono. Sanaimbenso. Patapita nthawi amayi ena a kwaya afika m'munsi ndi foni yawo, aima mwaulemu, akuti mwana wawo wa ku Blantyre amaimba nthawi ngati ino, ngati ndatha ndiwapatseko malo.

Ndatsika. Mawa ndiyamba kusenda mtedza.